Dothi Lonyezimira la Kuphiri

Misozi ankakonda kukulitsa zithunzi. Ankaika zala ziwiri pa foni. Ankazitambasula. Chithunzi chinkakula. Kenako ankayang'ana pakona paliponse.

Misozi ankakhala kunja, mumzinda wa Doha, m'dera la Al Mansoura. Ankakhala ndi amayi ake. Amayi ankagwira ntchito ku hotela. Mlongo wake Wickson anatsala kumudzi, kuphiri. Anali ndi zaka ziwiri. Ankamulera azakhali a Dorcas.

Korona itabwera, sukulu inatsekedwa. Misozi ankaphunzira pa foni.

Tsiku lina aphunzitsi anaonetsa chithunzi cha phiri lakutali. Panali chumuni chogumuka. Panali maenje akuya. Panali milu ya dothi lotuwa. Anati akatswiri ofukula zakale anapeza mgodi pamenepo. Kalekale anthu ankakumbapo mtovu. Anati dothi la mtovu limanyezimira, koma limadwalitsa ana. Pamilu yake udzu sumera.

Misozi anakumbukira kwawo. Kumudzi kulinso chumuni chogumuka. Kulinso milu yotuwa.

Misozi anatsegula chithunzi chimene azakhali anatumiza dzulo lake. Wickson anakhala pakhonde. Misozi anakulitsa. Khonde linali lotuwa. Anakulitsanso. Khonde linkanyezimira. Anakulitsanso. Zala za Wickson zinali zotuwa. Chala chimodzi chinali m'kamwa.

Misozi anaimirira. Anadikira amayi pakhomo. Anadikira, nadikira.

Amayi atafika, anavula masiki. Anasamba m'manja. Misozi anawaonetsa zithunzi ziwiri zija. Amayi sanakhale pansi. Anaimba foni kumudzi.

Azakhali anayamba ndi kuseka. Anati dothilo analitapa pafupi ndi chumuni. Anazira nalo khonde. Anati mudzi wonse ukusirira.

"Alamu, pamene munatapapo, udzu umamera?" anafunsa amayi.

Azakhali anati sumera. Kenako analankhula motsitsa mawu. Anati Wickson akulira m'mimba. Anati phala akulikana.

Misozi anagwira diresi la amayi. Analigwira zolimba.

Amayi sanalire. Anauza azakhali amusambitse mwanayo. Amutsitse kuphiri lero lomwe. Akagone kwa abusa, kudambo. Mawa apite naye kuchipatala.

"Khondelo tidzapala tonse. Ndikubwera," anatero amayi.

Misozi anachitanso mantha. "Nanga abwana akakana, amayi?"

"Lamulo linasintha, mwanawe. Potuluka m'dziko muno sindidikiranso chilolezo cha bwana. Ndege zayambanso kuuluka. Fulumira, tsitsa chikwama."

Misozi anatsitsa chikwama. Anaikamo sopo. Anaikamo mamasiki. Anaikamo tinsapato tiwiri ta Wickson.

Foni inalira. Chinali chithunzi chatsopano. Wickson anali pamphasa, kwa abusa. Misozi anakulitsa. Pansi panali udzu wobiriwira. Anakulitsanso. Zala zinali zoyera. M'dzanja munali nthochi yolumidwa.

"Akudya, amayi," anatero Misozi.

Amayi anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anamusisita Misozi kumutu. Misozi anakhalira chikwama kuti chitsekeke. Amayi anakoka zipi.