Anayankha pa Mpope

Moven anachedwa kuweruka tsiku limenelo, ndipo sikunali kufuna kwake. Madzi a mvula analowa mosungira ufa pa bekare pomwe ankagwira ntchito, bwana n'kunena kuti palibe wochoka mpaka thumba lomaliza litakwezedwa pamwamba. Pomwe ankatuluka pageti, maminibasi anali atagona kale, magetsi atazima, mvula ikukhuthukabe ngati ili ndi mlandu ndi anthu a ku Kanyama.

M'thumba mwake munali kiyi, ndipo kiyiyo ndiye ankamuotcha ntchafu. Mayi ake, Ba Ida, anali atakalamba zedi, mutu utayamba kuwasokonekera. Tsiku lina anawapeza ku msika wa Soweto akufunsa anthu njira ya kunyanja. Kunyanja, mu Lusaka muno! Chichokere pamenepo ankawatsekera m'nyumba ndi loko akamapita kuntchito. Anthu ankamunena, koma mwa onenawo palibe anadzipereka kudzakhala nawo. Tsono nyumbayo inali kumunsi, komwe madzi onse a m'komboni amakagona. Chitseko chachitsulo, mawindo azitsulo. Wotsegula anali iye yekha.

Anathamanga mpaka pomwe phula linathera. Kupitirira apo kunalibenso msewu, kunali madzi okhaokha. Madziwo anamufika m'mawondo, kenako m'ntchafu. Foni inali itamwa madzi n'kufa. Ndipo aliyense wa ku Kanyama amadziwa zomwe zimabisala pansi pa madzi otere: maenje omwe anthu anakumbamo miyala, ena ozama kuposa nyumba.

Anafufuza kamlatho ka pangalande. Sanakapeze. Anatembenuka. Anatembenukanso. Kumanja mdima, kumanzere mdima. Kwawo n'kuti?

“Bamai!” anakuwa. “Bamai!”

“Usakuwe. Wokuwa amadya mpweya wa anzake.”

Mawuwo anachokera pafupi, pakhutu penipeni. Moven anaima chilili. Fungo linayamba kumufika munthuyo asanaoneke: dizilo, thukuta lakale, ndi kafungo kena konga ka katoni ya nsomba za m'nyanja yamchere. Mphezi itang'anima anamuona. Mnyamata wosafika zaka makumi atatu, atavula malaya, mafuta akuda mpaka m'zigongono. Nsapato anazimanga zingwe n'kuzikoloweka m'khosi. M'dzanja, sipanala yaikulu.

“Vula nsapato, mwanawe. Akumwamba angatimve.”

Mwanawe? Moven anali ndi imvi kale m'ndevu. Tsiku lina akanamuyankha mnyamatayo zoti akasimbe kwawo. Koma anangoona manja ake akumasula zingwe.

Mlendoyo anamugwira padzanja. Kuzizira kwake! Analitsitsa dzanjalo pansi pa madzi mpaka linakhudza chitsulo. Unali mpope wakale uja, womwe umadutsa m'mbali mwa ngalande n'kukalowa m'nyumba zakumunsi. Unasiya kutulutsa madzi Moven asanamere ndevu, ndipo anthu anauiwala.

“Kwathu m'sitima magetsi akazima, maso ndi achabe,” anatero mnyamatayo, Chichewa chake chili chakale, cha kumudzi. “Umagwira mpope. Umakufikitsa.”

“Sitima iti? Ya ku Livingstone?”

“Yoyenda pansi pa nyanja. Yankhondo.” Anaseka pang'ono. “Kulibe usana kumeneko. Umadziwa kuti kwacha chifukwa wophika wagawa phala. Bedi limodzi, anthu awiri: uyu akadzuka kukagwira ntchito, uyo amagona pofunda pake. Buledi amamera ndevu zobiriwira, timamumeta n'kudya. Kusamba, iwala. Mpweya ukatopa, ngakhale machesi amakana kuyaka. Tsono adani akamayenda pamwamba pathu, tonse nsapato m'khosi, zii. Supuni ikagwa pansi, tafa. Ika khutu apa.”

Pamalo amenewo mpope unkatulukira pamwamba pa madzi. Moven anawerama, naika khutu.

Mvula inaleka kumveka. Kanyama yense anachoka...

Anamva chitsulo chikulira pang'onopang'ono, chopanikizidwa ndi madzi osayezeka. Anaona kanyali kofiira, kofooka, ndi amuna atagona mothinana m'kanjira kopapatiza, azungu ndi akuda, onse ndevu, onse akupuma mosamala ngati mpweya ndi wobwereka. Madontho akugwa kuchokera kudenga. Ndipo kunja kwa chitsulocho, kutali mumdima wa madzi, chinthu china chachikulu chinkaimba. Nyimbo yaitali, yozama, yopanda mawu. China n'kuyankha kutsidya. Moven sanaonepo nyanja chibadwire, koma misozi inangotuluka yokha. Sanadziwe kuti dziko la Mulungu lili ndi zipinda zotere.

“Zinsomba zimenezo,” ananong'ona mnyamatayo. “Zazikulu kuposa tchalitchi. Tsopano mvera zapafupi.”

Ngo. Ngo. Ngo... Ngo.

Katatu, kupuma, kamodzi. Kugogoda kumeneko Moven ankakudziwa ngati dzina lake. Mvula iliyonse ikagwa, Ba Ida ankatenga supuni n'kumamenya mpope wouma wa m'nyumba mwawo chomwecho, usiku wonse. Iye ankawakalipira. Anafika pobisa masupuni.

Ali moyo!

Mnyamatayo anakweza sipanala. “Lamulo lathu n'limodzi. Wina akagogoda, umuyankhe. Ngakhale ulibe chomutulutsira, umuyankhe. Munthu asafe akuganiza kuti palibe wamumva.”

Anamenya mpope. Katatu, kupuma, kamodzi.

Kutsidyako supuni ija inayambanso, mofulumira, ngati ya mwana wokondwa.

Anatsata mpope, mlendo patsogolo, Moven pambuyo, dzanja pachitsulo. Madzi m'chiuno. Mnyamatayo ankayenda osachititsa funde ngakhale limodzi. Moven anaona zimenezo, nasankha kusaziganizira. Penapake anaona ngati wazindikira mpanda wa kwa aneba, nataya mpope kuti adule njira. Phazi linaponda pachabe. Phuvu! Dzenje! Madzi m'mphuno, m'makutu, pansi posafikika. Dzanja lozizira lija linamugwira pakhosi pa malaya n'kumuzula ngati kamwana ka mphaka.

“Ndinati gwira mpope.”

Anafika. Chitseko chinali chitamira kupitirira theka. Moven anapisa m'thumba. Anapisanso. Thumba linali litang'ambika. Kiyi anatsala m'dzenje.

Sipanala inaikidwa m'dzanja lake. Inali yolemera modabwitsa.

“Ali m'katimo dzina lake ndani?” anafunsa mnyamatayo.

“Ba Ida. Ni bamai banga.”

“Ida...” Analitchula pang'onopang'ono, ngati akulilawa. “Ndiye anali wamkazi.”

Moven analibe nthawi ya mafunso. Anamenya loko, namenyanso, mpaka anathyoka. M'katimo Ba Ida anali ataima patebulo, madzi ali m'chiuno, dzanja limodzi litakumbatira mpope, linalo lili ndi supuni yomwe mayiwo anaibisa Moven asanaipeze. Anawabereka kumsana. Potuluka anati athokoze mnyamata uja.

Panalibe munthu. Mvula yokha.

Anawatengera ku tchalitchi cha kumtunda, komwe anthu ena othawa madzi anali atayatsa kandulo. Amayi ena anawafunditsa chitenje. Ba Ida sananjenjemere, sanalire. Maso awo anali owala, anzeru, monga Moven sanawaonere kwa zaka.

“Ndani anayankha?” anafunsa.

“Mnyamata chabe wina, bamai. Ananithandiza njira. Enze kukamba va sitima ya pansi pa nyanja.”

Mayiwo anagwedeza mutu ngati auzidwa zomwe akudziwa kale.

“Ni batate banga aja. Ba Dyton. Sunabazibe, na ine sininabaone. Banachoka kumunzi nili m'mimba, kuyenda ku Joni, mpaka kunyanja, nthawi ya nkhondo ya bazungu. Banalowa nchito yopukuta injini. Sitima inamira, siinabwelenso pamwamba. Munzao anabwela kuuza bambuya bako ati bofunafuna benze kumvela kugogoda pansi, katatu na kamozi, masiku na masiku, koma bofika kuja kunalibe. Mpaka kunaleka. Kuchokela apo bambuya bako mvula ikagwa benze kumenya khasu, ati bamvele kuti tilipo. Pamene banafa, ninatenga supuni.”

Moven anayang'ana m'dzanja lake. Sipanala ija anali nayobe. Pakandulo inaoneka yadzimbiri lokhalokha, tizigoba toyera titamera pachigwiriro. Anaikhudza ndi lilime. Mchere.

Ba Ida anaitenga, naifungatira pachifuwa monga achitira ndi khanda.

“Iwe unali kunibisila masupuni,” anatero, akumwetulira. “Zaka zonse izi nagogoda, mwana wanga. Lelo baniyankha.”