Tiyi Wodzaza Kapu

Mlendo asanavule n'komwe nsapato, mayi Zuura anali atamutsina kale khutu mpongozi wawo Nurzat kukhitchini.

"Ukangotsegula pakamwa, ukwati wathera pomwepo. Mwana wanga Kubat anachira, wamva?"

Mlendoyo, mayi Saltanat, ankayendera anthu otuluka m'ndende kuti aone ngati chithandizo chowasiyitsa mankhwala osokoneza bongo chinawapindulira. Kundendeko Kubat ankalandira mankhwala akumwa m'mawa uliwonse, ndipo anatuluka masaya atadzaza. Koma mayi ake anamuletsa kukapitiriza kuchipatala, ati anthu a m'mudzi angamuone pamzere. Paja manyazi anapha lambe. Kubat anayambiranso kudzibaya mankhwala osokoneza bongo aja, ndipo mayi akewo anamukhomera m'khola la nkhosa.

"Kubat ali kuti?" anafunsa mayi Saltanat atakhala pansi.

"Ali kuphiri ndi mahatchi, wathanzi ngati ng'ombe," anayankha mayi Zuura uku akunyema buledi. "Iwe, thira tiyi. Udzaze."

Pamwambo wa kumeneko, mlendo wofunidwa amamuthirira pang'onopang'ono kuti akhalitse. Kumudzazira kapu n'kumuuza kuti amwe azipita. Kukhola kunamveka chitseko chikugunda. Nurzat anangothira tiyi wongobisa pansi pa kapu.

"Ndati udzaze! Wagontha?"

"Amayi, ndikhululukeni." Misozi inali chuchuchu. Nurzat anatembenukira kwa mlendo. "Bambo a kunyumba kuno sali kuphiri. Ali m'kholamo, akusanza chiyambire dzulo. Kundende anachira ndithu. Tamudwalitsanso ndife."

"Mfiti iwe! Ukundivula pamaso pa mlendo?"

"Malo ake kuchipatala akadalipo, mayi," anatero mayi Saltanat motsitsa mawu. "Koma thupi lake linaiwala mphamvu ya zimene akubayazo. Ambiri otere ndikamafika ndimapeza atawaika kale m'manda."

Mayi Zuura anadzambatuka n'kulowa kuchipinda, chitseko phwaa! Atatuluka, maso ali psuu, anaponya kiyi wa kukhola pakati pa makapu.

"Mutengeni, mudzi wonse utiseke. Koma iwe, ukadutsa pageti apo usadzapondenso pano."

Nurzat anatola kiyiyo, napukuta misozi ndi nsonga ya mpango wake.

"Bola ndisowe pogona, amayi, kusiyana n'kukhala m'nyumba mwanu ndili namfedwa."

Anathamangira kukhola.