Wondivomera Nyimbo Panjanji

Chaka chimene ndinayamba sukulu kwa asisitere, mmwenye wa sitolo ya pafupi ndi siteshoni ya Balaka anagula galamafoni. Madzulo amaika mbale za nyimbo za m'makanema a kwawo. Ine kanema ndinali ndisanamuonepo. Ndimangoima kuseri kwa sitoloyo, n'kumanamizira kuzula minga kuphazi.

Inalipo nyimbo imodzi. Amayamba ndi mkazi, timawu toonda ngati ulusi, mwamuna n'kuvomera. Tanthauzo sindimalidziwa, koma mbali ya mkaziyo ndinailoweza. Kumathero kokha sindinakumvepo, poti munthu akangondiyang'ana ndimathawa.

Tsiku lina amayi atagona ndi malungo, mng'ono wanga Ethel anaswera kwa azakhali, kutsidya kwa njanji. Anali wakhanda, asanayambe kuyankhula. Amayi anandituma kukam'tenga, azakhali n'kundichedwetsa ndi nkhani. Pomwe ndimam'bereka, kunja kunali kutada.

"Matilda, gona konkuno," anatero azakhali.

"Iyayi, mwanayu akayamwe."

Ndinatsata njanji. Mwezi kunalibe. Mwana atayamba kulira, ndinati ndim'tonthoze ndi nyimbo ija. Ndinaimba motsitsa. Nditamaliza mzere wa mkazi, ndinapuma.

Kumbuyo kwanga mwamuna anavomera.

Sinali galamafoni. Galamafoni imamveka kukanda kwa singano. Awa anali mawu a munthu, ndi mpweya womwe. Ndinacheuka. Zitsulo ndi udzu basi. Koma kumanunkhira lubani.

Kwathu akakuvomera nyimbo suisiya panjira. Pakamwa panangotseguka pokha, ndinaimba mzere wachiwiri. Anavomeranso. Ndinadziluma lilime, n'kukhala chete. Pompo miyala ya panjanji inayamba kulira, tswa, tswa, kuyandikira. Mfundo ya nsalu pachifuwa panga inayamba kumasuka, ngati wina akukoka mwana pang'onopang'ono.

Ndinaimbanso msangamsanga. Kukokako kunaleka. Mapazi anabwerera m'mbuyo.

Ndiye ndimayenda ndikuimba, dzanja lina pamfundo, lina litagwira mwendo wa Ethel. Ine mzere, iye mzere. Koma nyimbo yanga imatha, kwathu kusanaoneke. Ndinayesa kubwerera poyambira. Sanavomere, miyala inaliranso. Ndinayesa ya kutchalitchi, mawu anakana kutuluka.

Ndinafika pomwe ndimalekezera paja. Iye anaimba mbali yake, n'kudikira. Nsalu inatsetsereka mpaka m'chiuno.

Kenaka kumsana kwanga kunatuluka timawu. Ethel. Anaimba m'chimwenye, bwinobwino, mizere imene ine sindinaimvepo, mpaka kumapeto. Mwamuna uja anausa moyo pafupi ndi khutu langa. Kunati zii.

Ndinathamanga osacheukanso.

M'mawa amayi anaitana a Bakari, oyandikana nafe, amene amakonza njanji. Atamva anangozolika.

"Pamenepo panafera mmwenye wina wa ntchito ya sitima," anatero a Bakari, akuwanong'oneza amayi. "Iye anasiya mkazi wake kutsidya kwa nyanja. Anzathu amati amafuna wom'malizira nyimbo. N'chifukwa chake ife pamenepo sitiimba, ngakhale likhweru."

"Basitu am'malizira, azipita," anatero amayi.

"Amama, munthu akapeza wom'vomera, amapita?" anafunsa a Bakari.

Amayi anangom'kumbatira mwana.

Pano Ethel akuyenda, koma sanatchulebe liwu, ngakhale loti amayi. Dzuwa likamalowa amakaima pakhomo, nkhope kunjanji, mutu utapendeka ngati akumvetsera. Pogona amayi amam'mangirira ndi nsalu kudzanja kwawo. Ine ndimagona chopingasa pachitseko.