Telala M'kabati

Nyerere anatuluka mu ofesi ya aphunzitsi atanyamula buku lomwe ngakhale mbewa zinalilawa n'kulisiya. Anzake anam'patsa dzinali chifukwa anali wochepa thupi koma wokonda kusenza zoposa msinkhu wake. Chaka chino anasenzadi. Iye ndiye anali mkulu wa gulu la zisudzo pasekondale yawo, ndipo ntchito yosankha sewero loti makolo adzaonere inagwera iye.

Chaka chatha zinathina. Anyamata analemba okha sewero lodzaza mawu oti sungawatchule apongozi ali pafupi. Ana asukulu anaseka mpaka kugwa m'mipando, koma bambo a Nyerere, omwe anali telala, anatseka makutu a Mzime, mwana wawo wotsiriza, n'kutuluka naye muholo nkhope ili gwaa.

"Mukadzabweretsanso zija, iwe zisudzo wasiya," anatero atafika kunyumba. "Uzidzakhala pano n'kumasoka mabatani."

N'chifukwa chake Nyerere anakadandaula kwa a Magalasi, mphunzitsi wa zisudzo, ndipo iwo anam'tulutsira bukulo.

"Sewero ili linayamba kuseketsa anthu agogo ako asanamere mano," anatero. "Koma usaliwerenge chokhala. Uliwerenge choimirira."

Nyerere anaganiza kuti ukalamba wayamba kuwalowa m'mutu. Atafika kwawo analiwerenga chogona, miyendo ili m'mwamba. Nkhani yake inali ya nkhalamba yaukali, mwana wake wamkazi, ndi mnyamata wodzafunsira mozemba. Tsamba lililonse linkangoti: agogoda, alowa, abisala m'kabati, atuluka. Nyerere sanamwetulire olo pang'ono.

"Izi n'zoseketsa kapena n'zogonetsa ana?" anadzifunsa, n'kuliponya pampando.

Anatsimikiza zokauza a Magalasi kuti bola sewero latsopano la anyamata aja, angochotsamo mawu oipawo. Koma ankadziwa kuti akawachotsa onse patsala mutu wa sewero wokha.

Loweruka masana banja lonse linali m'chipinda chosokera. Bambo ankapalasa makina, mapini ali pakamwa, ndipo mayi ankasita. Mzime anatola buku lija.

"Achemwali, apa alemba kabati. Kabati yake iti? Yathuyi?"

"Siya, iwe."

"Yathuyi?"

Mwana ameneyu akayamba kufunsa, ngakhale khoma limayankha. Pofuna kum'tseka pakamwa, Nyerere anaimirira n'kulanda bukulo.

"Chabwino. Iwe ndiwe wofunsira. Ndikagogoda, uthawire m'kabatimo."

Anagogoda patebulo, go go go! Mzime analumphira m'kabati momwe bambo ankapachika zovala za makasitomala, koma phazi linatsala kunja. Nyerere anawerenga mawu a mtsikana wa m'sewero: "Muno mulibe munthu, bambo!" Phazi lija linagwedeza zala. Mayi anaphulika kuseka mpaka simbi anaiika pambali.

"Ine ndikhala ndani?" anafunsa.

"Wophika. Nanunso mumathawira momwemo."

Panasowa nkhalamba yaukali. Onse anayang'ana kumakina.

"Musandiyang'ane, ndili pantchito," bambo anatero mapini akugwedera.

"Mzere umodzi wokha, bambo. Nkhope muli nayo kale," anatero mayi.

Bambo analavulira mapini m'dzanja. Anawerenga mzere umodzi, kenako wina, kenako anaimirira, tepi ili m'khosi, n'kuyamba kubangula ngati anabadwira pasiteji. Anafika pomwe nkhalamba imamva kugogoda kwa dokotala wa jakisoni n'kuthawira m'kabati momwe muli kale anthu awiri.

Nthawi yomweyo chitseko chenicheni chinalira, go go go! Bambo osaganiza n'komwe, analowa m'kabati n'kudzitsekera.

Amene analowa anali kasitomala wodzatenga suti yake.

"Odi! Atelala alipo?"

"Kulibe!" kabati inayankha ndi mawu okhuthala.

Kenako inagwedezeka, inalira kwee, chitseko n'kutseguka. Anayamba kugubuduka ndi Mzime, mayi pambuyo, ndipo pomaliza panatuluka atelala eni ake, diresi ya mwini ili kumutu. Kasitomala anakhala pansi osapatsidwa mpando. Bambo anayesa kukwinya nkhope koma inakana, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi diresi yomweyo.

Lolemba m'mawa Nyerere anafika kwa a Magalasi bukulo atalikutira bwino ndi kansalu.

"Tichita lomweli, aphunzitsi. Zikomo kwambiri."

"Suja unatuluka muno milomo itatalika? Waliwerenga bwanji?"

"Choimirira," anayankha akuyang'ana pansi.

Tsiku la sewero holo inadzaza. Agogo ankaseka, makanda ankaseka poona agogo akuseka, ndipo ngakhale anyamata aja anaiwala kunyada. Kabati yomwe inali pasiteji inali ya kwa atelala, anachita kuibwereketsa okha. Iwo anakhala kutsogolo, Mzime ali pamiyendo, makutu ake ali pamtunda.

Sewero litatha, Nyerere anathamangira bambo ake n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri.

"Zikomo, bambo. Ndiye za mabatani zija zatha?"

"Zatha bwanji? Nkhalamba yanuyo yadula atatu potuluka m'kabati, ndipo jekete ndi yanga. Mawa usoke."

Nyerere anawasoka akuimba, ngakhale kuti limodzi analisoka mokhota.