Ketulo Yomwe Sinagulidwe M'sitolo

Kwathu tinabadwa awiri, ine ndi mng'ono wanga, amene tonse timangomutchula kuti Mzime. Bambo athu amasoka zovala pakhonde, ndipo pakhomo pathu sipankalowa kanthu kosadziwika kumene kachokera. Ine sukulu ndinaisiyira panjira n'kukwatiwa. Mzime anamaliza, napeza ntchito yothandizira mkonzi wa magazini ina imene imayesa katundu wa m'masitolo n'kuuza anthu kuti uyu gulani, uyu musagule.

Ntchitoyo inali ndi lamulo limodzi lalikulu. Katundu woti ayesedwe, Mzime ankayenera kukagula yekha m'sitolo ngati munthu wamba, n'kukapereka kwa oyesa. Wolandira katundu kuchokera m'manja mwa kampani ankachotsedwa ntchito, chifukwa kampani imakusankhira chabwino pomwe anthu ikuwagulitsa china.

"Anthu adzagula chifukwa chokhulupirira iwe," anatero bambo, singano ili pakamwa. "Ukanama, wapweteka anthu osawadziwa n'komwe."

Poyamba ankayenda bwino. Kenako anayamba kudandaula za dzuwa, mizere ya m'masitolo ndi makatoni olemera. Zotsatirazi anadzandiuza yekha zinthu zitaipa kale.

Tsiku lina mkonzi anamutuma kukagula maketulo amagetsi. Ali pageti ya ofesi, panaima galimoto. Munali bambo wa suti, wogulitsa wa kampani ina ya maketulo.

"Asisi, nsapato zokongolazi muzithere m'fumbi? Ketulo yathu ndi iyi, ili m'katoni mwake. Ya m'sitolo ndi yomweyi."

"Lamulo silitilola, bambo."

"Lamulolo analemba ndi munthu wokhala pamthunzi. Kodi ketulo imalankhula kumene yachokera?"

Mzime anaseka, n'kulandira katoniyo. Pansi pake panali foni yatsopano.

Kunyumba, mayi athu ataiona foniyo anaika pansi mbale imene ankatsuka.

"Iwe, mwezi sunathe. Wagula ndi chiyani?"

"Ndi mphatso, amayi."

"Nyambo nayonso ndi mphatso. Kafunse nsomba. Kabweze."

"Inu zamuofesi simungazimvetse," anayankha, n'kulowa kuchipinda.

Oyesa anaiyesa ketuloyo ndipo sanaipeze banga. Magazini itatuluka, chithunzi chake chinali pachikuto, pansi atalemba kuti imeneyi ndiyo yolimba kuposa onse. Ine ndinali ndi mwana wongoyamba kuyenda, ndipo madzi omusambitsa ndinkafunditsa m'mawa uliwonse. Ndinamufunsa Mzime ngati ndingagule.

Anayang'ana kumbali. "Si mwawerenga, achemwali? Gulani."

Ndinakagula.

M'mawa wina madzi atawira ndinanyamula ketulo kuti ndithire m'beseni. Mwana anali atagwira siketi yanga. Ndinangomva kuti thyo, chogwirira chatsala m'manja mwanga. Madzi onse anamukhuthukira paphewa ndi pamkono. Kulira kwake sindingathe kukulemba. Pomuvula malaya, khungu linatsatira nsalu.

Kuchipatala, pabedi loyandikana nalo panagona mayi wina wopsa ntchafu zonse. Mwamuna wake anandifunsa chimene chinachitika. Nditanena, anagwira pakamwa.

"Nafenso ndi yomweyo! Ya pamagazini ija!"

Mzime anafika masana atanyamula zipatso. Ataona mwana ali m'mabandeji, zipatso zinamwazika pansi. Anagwada m'mbali mwa bedi n'kuyamba kunena zonse: galimoto, katoni, foni. Ndinamuyang'ana ngati munthu wachilendo.

"Unkadziwa pamene ndinkakufunsa?"

"Ndimayesa ndi zofanana, achemwali."

"Umayesa? Wayesera pa mwana wanga?"

Nesi ndi amene anatilekanitsa.

Ku ofesi anthu anali atayamba kale kuimba mafoni. Mkonzi anapita yekha kusitolo, nagula ketulo, naimasula pamodzi ndi ija anaiyesa. Yoyesedwayo chogwirira chake chinali chomangidwa ndi zitsulo. Ya m'sitolo chinali chongomata ndi guluu, amene amasungunuka akatentha. Mzime anachotsedwa ntchito pamaso pa anzake onse, mlonda akumuperekeza mpaka pageti. Anaimbira bambo wa suti uja. Bamboyo anayankha kuti, "Mayi, ndinu ndani?" n'kudula.

Magazini inapepesa patsamba loyamba, koma kupepesa sikumeretsa khungu. Mwana wanga anachira, koma mkono wake suwongoka bwino, ndipo adokotala akuti adzafunika opaleshoni akakula. Mzime ali pakhomo. Kulikonse kumene wafunsira ntchito, mbiri yake imakhala itafika kale. Mwanayu akamuona amamuthamangira kuti amunyamule, chifukwa sadziwa kanthu, ndipo Mzime amathawira kuseri kwa nyumba kukalira. Abusa amandiuza kuti ndimukhululukire. Ndikuyesetsa, koma posambitsa mwana ndimaona chipsera.

Achinyamata, mukapatsidwa ntchito yoti anthu azikhulupirira mawu anu, musaigulitse chifukwa cha ulesi kapena mphatso. Bodza lopangidwa pageti ya ofesi limakapsereza munthu kunyumba, ndipo silifunsa kuti mwanayo ndi wa yani.