Wakuba Wopanda Thovu

Pamudzi pathu, kum'mwera kwa chilumba cha Jeju, munthu akafuna kulangiza ana ake ankaloza nyumba ya a Bu. Bambo ankalima manachesi, mayi ankalowa m'nyanja limodzi nafe, ndipo pakhomopo simunkamveka phokoso. Mwana anali mmodzi yekha, dzina lake Dongha. Ine ndine munthu wovuta kukhulupirira, ngakhale nsomba ya m'bale wanga ndimayamba ndainunkhiza, koma pa mnyamata ameneyu ndinalibe chonena.

Amake Dongha ndinayamba kulowa nawo m'madzi tili atsikana. Ife timatsika ndi mpweya wa m'chifuwa mwathu basi, n'kukagomola nkhono pamiyala ya pansi. Dongha anasankha zamakono. Anaphunzira kutsika ndi silinda ya mpweya kumsana, anapata chiphaso, n'kuyamba ntchito yoperekeza alendo okaona nsomba. Tsiku limene anabwera nacho chiphasocho, amake anaphika msuzi wa ndere ngati ndi tsiku lake lobadwa, ndipo bambo ake anapemphera mpaka msuziwo unazizira.

"Tamvera iwe," anatero amake akumugawira mpunga. "Silinda yakoyo uzionera nayo nsomba. Ukadzatola nayo kanthu, ngakhale nkhono imodzi, udzakhala wandivula pagulu."

"Amayi, ine ndingabere inu?" anaseka Dongha.

Kuseri kwa thanthwe lina, bungwe lathu la amayi olowa m'madzi linali litabzala tiana ta nkhono zodula kwambiri, tobiriwira pamsana. Tinapangana kuti pasapezeke wozikhudza mpaka zitakula, ndipo malowo tinkawadziwa ife tokha, amayi a m'madzi. Koma mayi amabisira chiyani mwana wake pa chakudya chamadzulo?

Kutauni kunali Gichol, mwini malo odyera, munthu woseka ndi mano okha maso ali gwa. Anayamba kumuitana Dongha akaweruka. Zimene zinkachitika kumeneko mnyamatayo anadzaulula yekha pambuyo pake. Akuti Gichol, wamkulu ndi ndevu zake, ankamuthirira mwanayo mowa wa soju ndi manja awiri ngati akuthirira bwana. Wanzeru akadadzuka pomwepo n'kufunsa kuti ulemu umenewu ukugula chiyani.

"Mphwanga, iwe umatsika bwino kuposa agogo onse aja," ankatero Gichol. "Ndiye mpaka liti uzigwira manja alendo oopa madzi? Nyanja anaibzala ndani? Si ya Mulungu?"

"Achimwene, zija n'za bungwe. Amayi angandiphe."

"Amayi ako awerenga nkhono pansi pa nyanja? Tengako pang'ono, ngati mwana wotapa m'nkhokwe ya kwawo. Kumeneko n'kuba?"

Anatapadi pang'ono. Sabata yotsatira anatapa zochulukirapo.

Ife tinaona zipsera zoyera pamiyala, pamene nkhono zinagomoledwa. Mayi wina, akuyanika ndere kugombe, anaona thovu likutumphuka kuseri kwa thanthwe lija, kumene kunalibe boti la alendo. Kuyambira tsiku limenelo m'nyumba yathu yosinthira zovala munalowa mphepo. Khofi aliyense ankamwa wakewake. Amene tinkakhulana misana tinayamba kusuzumirana m'maukonde.

"Wakubayo sakusaka ayi, akungofikira," ndinatero ine pamsonkhano. "Malo aja wamuuza ndi munthu wa m'chipinda chino."

"Ndiye mukutiyang'ana ife bwanji, achemwali?" anakalipa wina. "Mkamwini wanu si uja ali ndi boti?"

Tinatsala pang'ono kugwirana tsitsi. Potsiriza tinagwirizana kuti tsiku lililonse amayi awiri azikhala pathanthwe ndi magalasi oonera kutali, kudikira thovu. Munthu wa silinda sangabisale, mpweya wake umamuneneza pamwamba. Amake Dongha anali oyamba kutuluka pamsonkhanowo, ndipo ine ndinaziona.

Atafika kunyumba anapita kuseri, n'kukhudza suti ya mphira ya mwana wawo. Inali yonyowa.

"Dongha, suja unati lero kunalibe alendo?"

"Ndimangoitsuka, amayi."

Amake ananyambita chala chimene anaikhudza nacho. "Ukutsukira madzi amchere masiku ano? Nanga nsapato zatsopanozi, nanga fungo la mowali? Tandiyang'ana."

"Mukundiyesa wakuba? Mwana wanu yemwe?"

"Sindinatchule za kuba. Watchula ndiwe."

Bambo ake anatsitsa nyuzipepala. "Mwananga, ngati pali chimene wachita, nena lero pakadali pakhomo pano. Wakutsina khutu ndi mnansi."

Dongha anamenyetsa chitseko. Koma mantha anamugwira, ndipo m'mawa mwake anakauza Gichol kuti basi, zatha, amayi aja akulondera thovu.

Gichol sanakwiye. Anamutengera kuseri kwa khitchini n'kuvundukula lona. Pansi pake panali makina amene Dongha ankangowaona m'manja mwa akatswiri, makina obweza mpweya. Munthu akapuma, mpweyawo sutuluka kupita m'madzi. Umadutsa m'chitini cha timiyala toyera ngati laimu, timene timayamwa mpweya woipa, kenako umabwerera m'kamwa utawonjezeredwa wabwino. Thovu palibe ngakhale limodzi.

Mnyamatayo anagwada n'kuyamba kusisita mapaipi. Chinthu chimenechi anachisirira kuyambira kale.

"Mwawapeza kuti, achimwene?"

"Kodi mphatso amaifunsa kwawo? Agogo ako akhale pathanthwepo mpaka matako achite dzanzi. Iwe udzadutsa pansi pa mphuno zawo."

"Koma sindinawaphunzire. Ali ndi maphunziro akeake."

"Chiphaso uli nacho kapena ulibe? Kupuma n'kupuma basi. Kapena ndikafune mwamuna weniweni?"

Madzulo ake Dongha anapita kwa a Yang, amene anamuphunzitsa kutsika ndi silinda, n'kuyamba kufunsa mozungulira ngati nkhani yongocheza. A Yang anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ukufunsiranji? Wawaona kuti?"

"Pa foni chabe, aphunzitsi."

"Pa foni. Chabwino, tamva. Silinda ikavuta umadziwa, chifukwa mpweya umaleka kubwera. Awa akavuta umapumabe bwinobwino mpaka kukomoka. Timiyala tija tikatopa timatayidwa, sitibwerezedwa. Ndipo usanalowe m'madzi umayamba wakhala pansi n'kupumira m'makinamo, mphuno utatseka, kuti ngati pali vuto likugwetsere pouma. Chiphaso chakocho pa makina amenewa n'chikalata chokulungira nsomba. Ukafuna, bwera ndikuphunzitse mwadongosolo. Wina akakubwereka, thawa."

Dongha anawerama mwaulemu, anathokoza, n'kupita kwa Gichol. Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ananyamuka m'mawa dzuwa litakwera, kuti boti lioneke ngati la owedza wamba. Anaima patali ndi thanthwe. Dongha atatsegula chitini chija anapeza timiyala tamtundu wa phulusa, togwirana ngati shuga wonyowa.

"Achimwene, iti tinagwirapo kale ntchito."

"Ndinatiyanika padzuwa masiku awiri. Tili ngati tatsopano. Ukudziwa mtengo wake iwe?"

"Ndiyambe ndapumiramo kaye pano."

"Ukhale pabotipa ndi chipaipi kukamwa, agogo ako akuyang'ana ndi magalasi? Lowa, mphwanga, usandichedwetse."

Analowa.

Akuti poyamba zinali zokoma moti anaiwala kuti wabwera kudzaba. Kunali zii. Phokoso la thovu limene analizolowera kunalibe, ankangomva kugunda kwa mtima wake. Mpweya unali wofunda, wosaumitsa kukhosi. Nsomba zimene zinkamuthawa masiku onse zinabwera kudzamuyang'ana m'galasi. Anadziona ngati mwini nyanja, ndipo anaseka aphunzitsi ake mumtima.

Anasambira mtunda wonse mpaka pamunda wathu n'kuyamba kugomola. Mutu unayamba kuwawa. Iye anati ndi mowa wadzulo. Kenako anayamba kupuma mwawefuwefu ngati wathamanga chitunda, ndipo akakoka mpweya wambiri, njala ya mpweya inkakulirakulira. Anati ndi mantha chabe, nafulumiza manja kuti adzaze thumba. Silinda yaing'ono yopulumukira inali m'chiuno mwake momwemo, koma nzeru yoti aigwire inali itachoka. Milomo inalefuka, madzi analowa m'chipaipi, anakasakanikirana ndi timiyala tija, ndipo chimene anakoka pambuyo pake chinali madzi owotcha ngati moto. Chomaliza chimene akukumbukira n'chakuti anafinya batani lofufumitsa jekete yake yoyandamitsa.

Tsiku limenelo pathanthwe tinalipo ine ndi amake Dongha. Boti la Gichol ndinali nditaliona kale, ndipo silinandisangalatse.

"Owedza anji osaponya mbedza?" ndinafunsa.

"Thovu mukuliona?" anatero anzangawo.

"Palibe."

"Ndiye asiyeni." Anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo.

Nthawi yomweyo chinthu chakuda chinavuuka pakati penipeni pa munda wathu, n'kugona chagada osagwedezeka. Injini ya boti lija inalira. Ndinayesa likubwera kudzathandiza, koma linatembenuka n'kuloza kutauni, liwiro lake losaoneka n'kale.

"Wakuba uyo!" ndinakuwa ine. "Lafika la fote!"

Amake Dongha sanakuwe. Anaponya magalasi pansi n'kudziponya m'madzi ndi zovala zomwe. Ndinawatsatira. Sanadikire kuti timuvule galasi kumaso, anali akuitana kale dzina lake tisanamufike. Tinamukokera kugombe, milomo ili bii, thovu lamagazi likutuluka m'mphuno. Amake anamupumira m'kamwa, ine ndikukankha pachifuwa, mpaka anasanza. Amayi ena anathamangira pomwepo ndi ambulansi. Ndiye wina anadula chingwe cha thumba limene linali m'chiuno mwake, nkhono zinakhutukira pamiyala, zonse zobiriwira pamsana.  Ine ndinalira, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira mwanayo kapena mnzanga.

Moyo anapulumuka nawo, koma mwa apo ndi apo. Kukwera kothamanga kuja kunang'amba phapo, ndipo madzi owotcha aja anapsereza kummero moti mpaka lero amayankhula monong'ona. Adokotala anamuuza kuti pansi pa nyanja asadzapondeko. Apolisi atapita kwa Gichol, iye anaseka ndi mano ake aja n'kunena kuti mnyamatayo amangomudziwa ngati kasitomala, ndipo makinawo anachita kumubera kuseri kwa khitchini.

Lamulo lathu n'lakale: nyumba imene yaba m'munda wa bungwe imachoka m'madzi. Komabe tsiku la msonkhano ambiri tinali titafewa. Tinkati mayiyo walangika kale mokwanira. Tisanayambe n'komwe, chitseko chinatseguka. Amake Dongha analowa atanyamula mpira wawo woyandama umene timatsamira m'nyanja, ukonde ndi chitsulo chogomolera, n'kuziika pakati pa chipinda. Pambuyo pawo panali Dongha, wowonda ngati bango. Anagwada, anagunditsa chipumi pansi, n'kunong'ona.

"Azakhali, ndinakuberani ndine. Amayi sankadziwa. Langani ine."

"Amake Dongha, tengani katundu wanu," anatero wapampando. "Wolakwa wavomera. Inu tikukudziwani."

"Malo aja anawamva pakamwa panga," anayankha iwo. "Ndipo suti yake nditaipeza yamchere, ndinapitiriza kukhala nanu muno mukukayikirana, ine chete. Ndikalowa nanu mawa, nkhono ina ikasowa, mudzayang'ana ndani? Ndisiyeni ndipite mukadandimvera chisoni."

Ndinawagwira mkono. Anauchotsa pang'onopang'ono, anadzutsa mwana wawo, n'kutuluka.

Dongha analapa, zimenezo sindikana. Mowa anasiya, mlandu wake anausenza, ndipo masiku ano amatidikira padoko kuti atinyamulire maukonde olemera, ngakhale amapumira kawiri panjira. Mulungu amakhululuka, ndipo ifenso tinayesetsa. Koma kukhululukidwa sikubweza chimene chatayika.

Ananu, imvani. Munthu akakupatsani chida choti musaoneke, dziwani kuti akufuna muchite chinthu chosayenera kuonedwa, ndipo zikavuta adzakhala woyamba kuthawa. Chimene simunaphunzire musachiyese chifukwa choti muli ndi chikalata cha chinthu china. Ndipo musanamizidwe kuti tchimo ndi lanu nokha. Amene amalipira kwambiri nthawi zambiri ndi amene anakuchenjezani.

Amake Dongha tsopano amathyola manachesi kumtunda, m'munda wozunguliridwa ndi mitengo yotchinga mphepo. Ndinawayendera mwezi wathawu n'kuwauza kuti tikanadula nthambi ziwiri zokha, nyanja ikanamaoneka bwino kuchokera pakhonde.

"Musadule, anzanga," anatero osatukula mutu. "Ndikaiona ndingapite."