Tsiku Limene Elina Anachotsa Nong'ona

Elina sankagula kanthu asanakatembenuze. Tomato pamsika wa Kafue, nsapato zakale za pa salaula, ngakhale mbale ya eni ake, ankayamba waona kunsi kwake. Amayi ake ankati mwana ameneyu adzachedwa kukwatiwa, poti amuna sakonda kufufuzidwa.

Anakumana ndi Lighton pokwerera maminibasi ku Nangongwe. Mnyamatayo anali atanyamula kompyuta yakale m'thumba la ufa. Elina anaitembenuza osapempha, n'kumuuza kuti fani yake yafa.

"Mwaziba bwanji, ba sista?" anafunsa Lighton.

"Inunkha kupsa. Mphuno mulibe?"

Lighton anaseka mpaka basi inawasiya. Pocheza anazindikira kuti onse awiri ndi a gulu la Mlatho, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta imene achinyamata a ku Kafue ndi ku Lusaka ankaisamalira modzipereka. Aliyense anali ndi ufulu woitsegula, kuona mmene inalembedwera ndi kuikonza. Masukulu ang'onoang'ono ndi mashopu osindikiza mapepala ankaidalira.

Mkati mwa Mlatho munali kachida kakale kotchedwa Nong'ona, kolemberana mawu pakati pa makompyuta. Kanapangidwa mafoni asanachuluke, ndipo ukakatseka mawu onse ankafufutika. Lighton ndiye ankakayang'anira, ndipo chikondi chawo chinakulira momwemo. Pafoni Lighton sankalemba, ankati foni imabedwa.

"Wauka shani, duwa langa la ku Nangongwe?" Elina ankayamba tsiku ndi mawu a Lighton amenewa.

Tsiku lina anabwera mawu olonjeza ukwati chaka chisanathe: "Chaka chino chikalibe kusila, nizatuma ba ankolo kwanu. Ndiwe weka, mtima wanga."

Ndani sakanakhulupirira? Elina, amene sankakhulupirira ngakhale tomato, anakhulupirira.

Kenako Ba Chimuka, mtsogoleri wa gulu, anam'patsa ntchito yochotsa zida zakale mu Mlatho. Anamuuza kuti akaigwira mosakondera, ku ofesi ya Lusaka kuli malo a malipiro. Elina atafufuza Nong'ona anapeza bowo lalikulu: munthu aliyense wa pa netiweki imodzi akanatha kulowa ndi kuwerenga za ena. Lighton anali asanakakhudze kwa zaka.

Atamuuza, Lighton anam'gwira dzanja.

"Switi, ufuna kugwesa nyumba yamene tinakondelanamo?"

Anam'chonderera kuti angokasiya mwakachetechete, poti palibenso wina amene amakagwiritsa ntchito koma iwo awiri. Makamaka anam'pempha kuti asalengeze. Elina anavutika mumtima. Kodi Lusaka ingapose mwamuna amene akufuna kukumanga banja? Anatsimikiza kuti Lighton akalonjeza kukonza bowolo, kachidako katsala, Ba Chimuka anene zimene anganene.

Koma gulu linali ndi lamulo lake. Chida sichichotsedwa kapena kusungidwa mobisa. Uthenga umatuluka pa kompyuta iliyonse ya Mlatho, anthu amaitanidwa ku msonkhano, ndipo amene akuchigwiritsabe ntchito amaimirira n'kunena. Chimatsala pokhapokha wina atavomera pamaso pa onse kuti achikonza. Elina anatumiza uthengawo.

Loweruka masana anthu anadzaza kalasi ina ku Kafue Estates. Zida zoyamba zinapita mwa nthabwala. Bambo wina anateteza chida cha makina osindikizira akale, ndipo atafunsidwa ngati makinawo akugwirabe ntchito, anavomera kuti nkhuku zake zimaikiramo mazira.

Elina atatchula Nong'ona, Lighton anayang'ana kukhomo.

Mtsikana wina wovala diresi lachikasu anaimirira. Anati dzina lake ndi Joy, amagwira ntchito pa shopu yosindikiza pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo anaona uthengawo pa kompyuta ya kuntchito.

"Musachose, napapata," anatero mwaulemu. "Ine nimasebenzesa masiku onse. Ba fiyanse banga ndiye banaiika. Sibakonda kulemba pafoni, bamati foni imabedwa." Anamwetulira n'kuloza kutsogolo. "Ni Ba Lighton aba. Bauzeni, dadi."



Kumbuyo, dzanja la mphunzitsi wina wamkazi linali litakwera kale. Linatsika pang'onopang'ono.

Elina anayang'ana Lighton. Duwa la ku Nangongwe! Kodi munda wonse unali ndi maluwa angati? Kenako anafunsa funso limene lamulo limafuna.

"Ba Lighton, bowo ilipo. Muzakonza?"

"Mtima wanga, tiye tikambe panja."

"Funso ni ya Nong'ona. Muzakonza, olo simuzakonza?"

Lighton anayang'ananso kukhomo.  Joy anali atasiya kumwetulira, akuyang'ana uku ndi uku pakati pa awiriwo.

Elina anam'fotokozera Joy, mofatsa ngati mkulu wake, kuti zonse zimene ankalemba mmenemo munthu wina akanatha kuziwerenga, ndipo akatuluka amuonetsa njira yabwino. Anafunsa ngati alipo wina wofuna kukonza. Panalibe. Anatembenukira ku laputopu yake, anthu onse akuona pakhoma pamene pankaonetsedwa za mu laputopuyo, n'kulemba mzere umodzi. Nong'ona inachoka.

Woyamba kuwomba m'manja anali mphunzitsi uja. Joy anatsatira, misozi ili m'maso, akuwomba mwaukali. Kenako kalasi yonse.

Ba Chimuka anapeza Elina pakhomo. Anati waona anthu ambiri akuchotsa zida za anzawo, koma wochotsa chimene iye mwini akuchikonda n'ngosowa. Malo a ku Lusaka aja anali ake ngati akuwafuna.

Elina analira m'basi mpaka ku Nangongwe. Atatsika anapukuta nkhope ndi chitenge, n'kugula chimanga chowotcha, poti njala sidziwa za chikondi. Foni inalira. Kwa nthawi yoyamba, Lighton anali atalemba pafoni: "Bebi, nalakwa. Baja ni ma frendi chabe." Elina anawerenga akutafuna, kenako anaimbira Ba Chimuka kuti Lolemba afika ku Lusaka.

Amayi ake anam'peza akupinda zovala, laputopu ndi chaja zili kale m'chikwama.

"Nanga mnyamata uja akabwera kuzakufuna, nizamuuza chani?"

Elina anakoka zipi, n'kuimika chikwama pakhomo.

"Mumuuze kuti msonkhano unasila, amama."